Mutu 9: Lilime la Apongozi mu Mphika

Pa khonde la azakhali anga ku Zomba panali mphika wadothi wobenthuka kukamwa, ndipo m'menemo munali chomera cha masamba okhuthala, oima njo ngati mikondo yozika pansi. Tsamba lililonse linali lobiriwira pakati, la mizere yopingasa ngati khungu la njoka, koma m'mbali monse munali mpendero wachikasu, mwina n'kumati telala wachita kusokerera. Ndinkachisirira nthawi zonse ndikapita kukacheza, mpaka tsiku lina potsanzika ndinalimba mtima.

"Azakhali, mundigawireko duwali ndikabzale kwathu."

"Udzabwere Loweruka tidzakumbe mwana," anandiyankha ali pa ntchito yosankha nyemba.

Loweruka linandionekera kutali. Ndinatenga mpeni, n'kudula tsamba limodzi lalitali, n'kulikulunga m'nyuzipepala. Kunyumba ndinalidula zidutswa zisanu n'kuzizika mu mchenga. Zinayi zinagwira, ndipo patapita miyezi ingapo mphukira zinatuluka, zonenepa bwino, koma zonse zobiriwira zokhazokha. Chikasu chija, chimene ndinachifera, panalibe ngakhale kadontho. Azakhali atabwera kudzationa anangoyang'ana mphikawo n'kuseka. "Ndinakuuza kuti tikumbe mwana. Tsamba silinyamula chikasu."

Azakhaliwo sanalowepo m'kalasi ya sayansi ya zomera, koma ananena ndendende zimene akatswiri amanena. Tifika pa chifukwa chake, koma poyamba tichidziwe chomerachi.

Dzina lake ndi kwawo

Ife chilichonse chobzalidwa mu mphika pa khonde timachitcha duwa, ngakhale chitakhala zaka khumi osatulutsa duwa lenileni. Ogulitsa maluwa m'mbali mwa misewu ya ku Lilongwe ndi Blantyre ambiri amangochitchula m'Chingelezi kuti snake plant chifukwa cha mizere yake. Dzina lina limene Angelezi anachipatsa ndi mother-in-law's tongue, kutanthauza lilime la apongozi, akuti chifukwa masamba ake ndi aatali ndiponso osongoka. Kwathu kuno, kumene mkamwini amapatuka m'njira akaona apongozi akubwera, dzina lotere ndi lofunika kulitchula motsitsa mawu. Ku Brazil chomera chomwechi amachitcha lupanga la Jorge Woyera, ndipo ambiri amachiika pakhomo pokhulupirira kuti chimatsekereza zoipa.

M'mabuku a sayansi chakhala chikudziwika kuti Sansevieria trifasciata kuyambira mu 1903, pamene David Prain anachilemba ndi dzinali. Akatswiri atafufuza chibadwa cha zomerazi anapeza kuti ndi za fuko limodzi ndi Dracaena, choncho kuyambira mu 2017 dzina lovomerezeka ndi Dracaena trifasciata. Alimi a maluwa sanalabadire kwenikweni za kusinthaku, akupitirizabe kunena kuti Sansevieria.

Kwawo kwenikweni ndi kumadera otentha a kumadzulo ndi pakati pa Africa, kuyambira ku Nigeria mpaka ku Congo. Mtundu wa mpendero wachikasu umatchedwa Laurentii, potengera dzina la Émile Laurent, mphunzitsi wa zaulimi wa ku Gembloux m'dziko la Belgium. Laurent anayenda maulendo ofufuza zomera ku Congo m'nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa Mfumu Leopold II, ndipo mtunduwu anaupeza kufupi ndi Stanleyville, mzinda umene lero ndi Kisangani. Iye anamwalira m'sitima ya pamadzi mu 1904 akubwerera kwawo. Monga zinkakhalira masiku amenewo, dzina limene linalowa m'mabuku ndi la mlendo wonyamula, osati la eni dera amene ankachiona tsiku ndi tsiku.

Abale a chomerachi amamera m'tchire m'maiko ambiri a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa, ndipo anthu akhala akupala masamba ake kuti apeze luzi lolimba lopotera zingwe, ngakhale nsinga za uta. Mmodzi mwa abalewa, Sansevieria kirkii, anatchulidwa dzina la John Kirk, dokotala uja anayenda ndi David Livingstone pa ulendo wa mtsinje wa Zambezi n'kufika naye ku Nyanja ya Malawi mu 1859. Mapiri a Kirk Range amatchulidwanso dzina la munthu yemweyo.

Chifukwa chake tsamba silinyamula chikasu

Kubiriwira kwa tsamba kumachokera ku klorofili, chinthu chimene chomera chimagwiritsa ntchito popanga chakudya kuchokera ku kuwala kwa dzuwa. Pamene pali chikasu, ndiye kuti maselo a pamenepo alibe klorofili wokwanira. Tsono Laurentii ali ngati zomera ziwiri zokhala m'thupi limodzi. Pa nsonga ya tsinde, pamene masamba atsopano amayambira, maselo anasanjikizana m'magawo ngati zikopa za anyezi. Gawo lina lili ndi klorofili, lina lilibe. Tsamba likamakula, gawo lopanda klorofili ndi limene limapanga m'mphepete, pamene lobiriwira limadzaza pakati.

Mukadula tsamba n'kulizika, palibe nsonga ya tsinde pamenepo. Chidutswacho chimayenera kupanga nsonga yatsopano kuchokera ku maselo ochepa a pa bala, ndipo kasanjidwe kaja kamasokonekera. Mphukira zambiri zimachokera ku maselo obiriwira, n'chifukwa chake zimabwerera ku mtundu wamba. Mwa apo ndi apo mphukira imatha kuchokera ku maselo achikasu okhaokha n'kutuluka yoyezuka yonse, koma yotere ilibe chopangira chakudya, sikhalitsa.

Njira yodalirika ndi imodzi: kupatula tsinde la pansi. Chomerachi chili ndi tsinde lokwawa m'nthaka, lonenepa ngati chala chachikulu, lofanana ndi la jinja, nthawi zambiri lofiirira ngati karoti kunja kwake. Kuchokera pa tsindeli kumatuluka ana monga mmene nthochi imachitira. Mwana aliyense amatengera kasanjidwe ka maselo ka mayi wake, ndi chikasu chomwe. Ndikamaona Laurentii pa khonde la munthu ndimadziwa kuti mwina wina anagwada ndi mpeni pa mphika wina kuti iyeyu akhale naye, ndipo winayo anatenganso kwa wina.

Kupatula kwake sikovuta. Nthawi yabwino ndi pamene kwayamba kufunda, cha mu Seputembala kapena Okutobala. Gonekani mphika cham'mbali, gogodani pang'ono, n'kusolola chomera chonse ndi dothi lake. Sansani dothi kuti tsinde lionekere. Sankhani mwana amene ali ndi masamba awiri kapena atatu komanso mizu yakeyake, ndipo dulani tsinde lomulumikiza kwa mayi ndi mpeni wakuthwa, wotsuka bwino. Musafulumire kubzala. Muikeni pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume. Ena amawaza phulusa kapena makala osinja pa balapo. Mukabzala, dikiraninso pafupifupi sabata musanathirire. Bala laliwisi m'dothi lonyowa ndi khomo la kuwola.

Chinthu china: mu mphika wa Laurentii nthawi zina mumatuluka mwana wobiriwira yekhayekha. Ameneyo, popeza tsamba lake lonse limapanga chakudya, amakula mwamphamvu kuposa abale ake, ndipo mukamulekerera zaka zingapo adzalanda mphika wonse. Mudulireni pa tsinde pomwe n'kumupatsa mphika wake.

Madzi

Apa ndiye pamene ambiri timalakwitsa, ndipo timalakwitsa chifukwa cha chizolowezi chabwino. Tinakula tikuthirira mpiru ndi tomato kudimba m'mawa ndi madzulo, motero tikaona chomera pa khonde dzanja limathamangira ku kheni. Koma chomera ichi chinazolowera moyo wina. Masamba ake okhuthala ndi nkhokwe ya madzi, tsinde la pansi nalonso limasunga. Kapumidwe kake n'kosiyana ndi ka chimanga. Zomera zambiri zimatsegula timabowo ta pa masamba masana kuti zikoke mpweya wa carbon dioxide, ndipo madzi ambiri amathawira pomwepo. Ichi chimatseka timabowoto masana, n'kutsegula usiku kukazizira. Mpweya umene chakoka usiku chimausunga mu asidi wa m'maselo, kukacha n'kuugwiritsa ntchito. Chinanazi ndi khonje amachitanso chimodzimodzi. Phindu lake ndi lakuti madzi otayika ndi ochepa kwambiri. Kuipa kwake, kukula kumakhala kwa pang'onopang'ono.

Ndinagwirapo ntchito mu ofesi ina imene inali ndi miphika iwiri ya Laurentii. Umodzi unali pafupi ndi tebulo la tiyi, ndipo aliyense wotsala ndi tiyi wozizira kapena madzi m'kapu ankakhuthulira mmenemo, bambo wosesa naye n'kumathirira Lolemba lililonse mokhulupirika. Wina unali kuseri kwa kabati, woiwalika, wafumbi. Tsiku lina tsamba la mphika wa pa tiyi uja linangogwa lokha. Nditalikoka linasololoka ngati dzino logwedera, kunsi kwake kuli phalaphala, kukununkha ngati kabichi wowola. Pa mwezi umodzi mphika wonse unatha. Wa kuseri kwa kabati uja ndinausiya ukadali moyo pamene ndinkachoka pa ntchitopo.

Lamulo lake ndi lakuti dothi liume mpaka pansi musanathirirenso. Musadalire maso, chifukwa pamwamba pamauma msanga pansi pakadali chinyezi. Tengani kamtengo kouma, kabayeni mpaka pansi pa mphika, n'kukasolola. Kakatuluka kakuda, kamatidwa dothi, bwezani kheni pamalo pake. Kakatuluka kouma, thirirani kwambiri mpaka madzi atulukire kunsi. Kuthirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku n'koipa kuposa kukhutitsa kamodzi n'kusiya. Madziwo azipita pa dothi, osati pakati pa masamba pamene apanga ngati kachikho, chifukwa akaima pamenepo amawoletsa mtima wa chomera.

Kwathu kuno, m'chilimwe cha Okutobala mphika wa pa khonde ungafune madzi pa masabata awiri aliwonse, wadothi waung'ono mwina msangako. Mu Juni ndi Julaye kamodzi pa mwezi n'kokwana, ndipo kumadera a chiperoni monga Thyolo ndi Mulanje mungathe kudumphitsa. Kuzizira kophatikizana ndi chinyezi ndiye mdani wamkulu. Kukazizira kutsika pa madigiri 10 chomerachi chimayamba kuvutika, choncho a ku Dedza ndi madera ena okwera azilowetsa miphika m'nyumba usiku wa chisanu. Abale athu okhala ku Britain, kumene chimagulitsidwa ngati duwa la m'nyumba, asachitulutse panja m'nyengo yozizira ngakhale usiku umodzi. M'dzinja, mphika usakhale pamene madzi a padenga amagwera.

Ngati pansi pa mphika mwaikapo mbale, muzitaya madzi otsalamo. Amawoletsa mizu, komanso ndi malo oswanirana udzudzu. Amene madzi a pa mjigo wawo ndi amchere adzaona zoyera zikuundana pamwamba pa dothi. Madzi a mvula ndi amene amatsuka zimenezo.

Mphika ndi dothi

Mphika wopanda chibowo kunsi ndi manda a chomerachi, ukongole bwanji. Wadothi wootcha ndiye wabwino koposa chifukwa umapuma, chinyezi chimatuluka m'mbali, ndiponso ndi wolemera. Kulemerako n'kofunika, popeza masamba a Laurentii amafika mita imodzi, ndipo mphepo ya mwera ikawomba chigubu chopepuka cha pulasitiki chimagubuduka. Chidebe chakale cha penti kapena ndowa yothobooka zimagwiranso ntchito, bola muboole mabowo angapo ndi msomali wamoto. Pa chibowo ikanipo phale kuti dothi lisamatuluke.

Musagule mphika waukulu poganiza kuti mukuchipatsa ufulu. Mizu yake siipita pansi kwambiri, ndipo dothi lochuluka lopanda mizu limasunga madzi nthawi yaitali. Chomerachi chimasangalala chikapanikizika, moti ambiri amachisamutsa pakapita zaka zitatu kapena kuposerapo, pamene ana adzaza mpaka m'mphepete. Mukachedwetsa kwambiri, tsinde limakankha mpaka kung'amba mphika. Ndikuganiza kuti n'zimene zinabenthula wa azakhali uja.

Dothi likhale lotaya madzi msanga. Ine ndimasakaniza mchenga wokhakhala wa kumtsinje, dothi la pansi pa mitengo pamene masamba anawolerana, ndi zidutswa zing'onozing'ono za njerwa zootcha kapena makala, zonse mofanana. Dothi la dongo la kudambo ndi la pachulu limagwirana ngati simenti, musaliyese. Njira yoyesera ndi yapafupi: nyowetsani pang'ono, fumbatani, n'kutambasula dzanja. Likafumbutuka lokha, lili bwino. Likakhala chibumi, onjezani mchenga. Pobzala musakwirire masamba. Tsinde lingobisika pang'ono pansi pa dothi.

Za feteleza sindichulutsa mawu. Kadzanja ka manyowa owolerana bwino kamodzi pa chaka, kumayambiriro kwa mvula, n'kokwana. Urea wotsala ku munda wa chimanga asafike pa mphikawu: amatentha mizu, ndipo masamba amene atuluke amakhala ofewa, ogwa okha.

Kuwala

Mbiri yakuti chomerachi chimakhala mumdima ndi yoona mwatheka. Chimapirira, inde, ndipo chingakhale chaka chathunthu pa kona ya chipinda osafa, koma sichikula. Laurentii amafuna kuwala kuposa mbale wake wobiriwira, chifukwa gawo lachikasu la tsamba limadya osalima. Mumdima masamba atsopano amatuluka owonda, otalika mopanda mphamvu, mizere yake yozimiririka. Malo abwino ndi khonde lolandira dzuwa la m'mawa, kapena pafupi ndi zenera lowala. Chomera chimene chakhala m'nyumba musachitulutse mwadzidzidzi pa dzuwa la masana la mwezi wa Okutobala. Chimapsa mawanga oyera amene sapola, ndipo mpendero wachikasu ndi umene umayamba kupsa. Chizolowetseni pang'onopang'ono kwa masabata awiri. Muzitembenuzanso mphika nthawi ndi nthawi kuti masamba asapendekere mbali imodzi, ndipo fumbi muzilipukuta ndi kansanza konyowa.

Samalani kansonga kolimba ka pamwamba pa tsamba. Ana amakonda kukathyola, ndipo tsamba limene likukula likathyoledwa nsonga kawirikawiri limaimira pomwepo.

Pa chaka mphukira imodzi ingatulutse masamba ochepa chabe, ndiye wofuna mphika wodzaza adziwe kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Chomera chokhwima, chopanikizika bwino mu mphika, nthawi zina chimatulutsa phesi la timaluwa toyera mobiriwira, tonunkhira kwambiri usiku, todontha timadzi tomata ngati uchi. Mphukira imene yachita maluwa siitulutsanso masamba atsopano, koma siifa msanga. Ana ake ndi amene amapitiriza.

Tizilombo, ziweto ndi nkhani ya mpweya

Tizilombo tovutitsa si tambiri. Todziwika ndi toyera ngati thonje, tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, timene timabisala m'munsi pamene masamba akumana. Kansalu koviika mu spiriti kapena m'madzi a sopo kamatichotsa, mukabwereza kangapo. Masamba okwinyika ndi chizindikiro cha ludzu, koma musanathirire yang'anani mizu, chifukwa chomera chimene mizu yake yawola chimakwinyikanso, ndipo kuthirira pamenepo n'kumalizitsa. Mukapeza kuwola, zulani chonse, dulani zofewa mpaka mufike pa tsinde lolimba, umitsani masiku angapo, n'kubzala m'dothi latsopano.

Masamba ake ali ndi mankhwala otchedwa saponin. Mphaka, galu kapena mwana akatafuna amatha kuchita dovu, kusanza kapena kutsegula m'mimba. Mphika ukhale patali ndi mwana wokwawa. Zotsala podulira musazitaye kuthengo, chifukwa kachidutswa kalikonse kamatha kumera. Ku Queensland m'dziko la Australia chomerachi chinathawa m'minda ya maluwa n'kusanduka udzu wovutitsa.

Pa Facebook ndi WhatsApp pamayenda uthenga wakuti chomerachi chimayeretsa mpweya wa m'chipinda ndipo chimakupatsani okosijeni mukagona. Gwero la nkhaniyi ndi kafukufuku wa bungwe la NASA wa mu 1989, wotsogoleredwa ndi B. C. Wolverton, amene anaonetsa kuti zomera zina, ichi chomwe, zimachepetsa mankhwala ena a mumpweya. Koma zomerazo anaziika m'mabokosi otsekedwa, osati m'nyumba za anthu. Mu 2019 akatswiri awiri a pa yunivesite ya Drexel ku America, Bryan Cummings ndi Michael Waring, atawerengetsa zotsatira za kafukufuku wambiri wotere anapeza kuti pangafunike zomera 10 mpaka 1,000 pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mmene mpweya umasinthira wokha m'nyumba. Kutsegula zenera kumaposa miphika yonse ya pa khonde lanu. Ndipo wina asanamizidwe n'kugona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka podalira duwa. Mpweya wa makala umapha, ndipo palibe chomera chimene chingauchotse.

Mitundu ina ilipo kwa ofuna kusonkhanitsa. Hahnii ndi wamfupi, wooneka ngati chisa cha mbalame, ndipo anapezeka mu 1939 ku nazale ina ya ku New Orleans. Aliponso wake wa mizere yachikasu, amene amawola msanga. Moonshine ali ndi masamba otuwa ngati siliva. Koma kwa woyamba kumene, Laurentii wamba ndiye wosavuta kupeza, chifukwa pafupifupi m'dera lililonse la m'tauni muli khonde limene mphika wake wadzaza ndipo mwini wake akusowa kochita nawo ana.

Ine ndinabwerera kwa azakhali ku Zomba chaka chotsatira, Loweruka, nditanyamula mpeni ndi thumba. Mwana amene tinakumba tsikulo wadzaza miphika itatu tsopano, yonse ya mpendero wachikasu. Inunso mukapita kukapempha, musalole kupatsidwa tsamba. Pemphani mwana wa mizu, ndipo mukafika naye kunyumba, kheni ya madzi idikire sabata yathunthu.